Tsiku Limene Anatiyesa Anamapopa

Ntchito yonyamula katundu wa alendo oyenda m'mapiri sindinaifunefune, inandipeza yokha pamsika wa Lizulu. Nthawi imeneyo ndinali nditabwerera kwa amayi banja litatha, ndili ndi mwana wamng'ono, ndipo kuti tipeze mchere ndi sopo ndinkasenza matumba a kachewere ndi kabichi kuchokera pangolo kukatula pamene pamaima malole. Tsiku lina masana amalume anga, a Ngozo, anaima pafupi ndi mulu wa anyezi n'kumandiyang'ana ndikutula thumba. Iwowa kale ankalondera nkhalango, ndipo atasiya ntchitoyo, anthu a ku Lilongwe ofuna kuyenda m'mapiri athu ankawapeza kuti awatsogolere.

"Nachisale," anatero, "khosi limenelo likungothera kachewere. Mnyamata amene ndimayenda naye wapita ku Joni. Loweruka ndili ndi alendo. Ungathe?"

Ndinavomera ndisanafunse n'komwe kuti tikulowera kuti.

Choyamba chimene anandiletsa ndi nkhata. Ine ndinazolowera kusenza, ndiye nditaona chikwama chachitali cha malamba ambirimbiri ndinangochikweza pamutu. Amalume anachitsitsa. "Mutu ndi wa pamsewu. M'phiri maso aziona pansi, manja akhale opanda kanthu." Anandionetsa kalongedzedwe kake: zogonera zofewa pansi, zolemera monga mpunga, zitini ndi botolo la gasi pakati moyandikana ndi msana, zofunika msanga pamwamba. Lamba wamkulu umamanga pamafupa a m'chiuno kuti katundu akhale pamenepo, osati pamapewa. Ndinaphunzira kukhoma tenti khomo litafulatira mphepo, kuyala kaye chinsalu chokhuthala pansi kuti chinyontho chisakwere, kupendeketsa zikhomo kuti zisazuke, ndi kuyatsa kasitovu ka gasi nditasesa kaye udzu wonse wozungulira. Panalinso kampope kosefera madzi, kokhala ndi timapaipi tiwiri. Kena umaviika mumtsinje, kena m'botolo, n'kumapopa ndi dzanja mpaka madzi oyera adzaze. Kameneka ankakasunga ngati dzira, chifukwa mimba za alendo sizipirira madzi amene ife timamwa ndi manja.

Maulendo oyamba anayenda bwino, ndipo ndinadabwa kuti mapiri amene ndinakulira m'munsi mwake sindinkawadziwa. Kwathu phiri timaliona ngati malo a nkhuni ndi bowa. Sindinkadziwa kuti pamwamba pali udzu waufupi woterera ngati ubweya wa ng'ombe, kuti pali miyala yosanjikizana imene mphepo imalira podutsa, kapena kuti m'mawa nkhungu imagona pansi pa mapazi ako ngati thonje, nsonga za mapiri ena zikungotulukira. Alendo ankaima nthawi yaitali osalankhula. Poyamba ndinkaganiza kuti atopa.

Ulendo umene ndikufuna kunena unali wa mu Okutobala, dzuwa litafika poipa. M'masabata amenewo pa wailesi ndi m'maminibasi munali nkhani imodzi yokha: anamapopa. Ankati kumwera kuli anthu oyenda ndi mapaipi ndi mabotolo, opopa anthu magazi ali m'tulo, ndipo alendo ena osadziwika anali ataphedwa m'midzi powaganizira. Amayi anandigwira chitenje ndikutuluka. "Mwanawe, nyengo ino si yoyenda ndi azungu m'thengo." Amalume anaseka. "Alongo, zimenezo ndi za kutali. Kuno mudzi uliwonse wa panjira yanga ndinadyapo."

Alendo anali awiri. A Mateyu anali mzungu wophunzitsa ku Lilongwe, wamtali, wolankhula Chichewa chothyokathyoka koma chomveka. A Ana anali mlongo wawo wobwera kudzacheza kuchokera kwawo, ndipo mawu amene ankadziwa anali zikomo basi. Anali munthu wansangala, woima paliponse kujambula buluzi kapena khungwa la mtengo. M'chikwama mwawo munali thumba la pulasitiki la madzi, lokhala ndi kapaipi kodutsa paphewa kuti azimwa akuyenda. Chifukwa cha kutentha ankathiramo ufa wotsekemera wobwezera mphamvu, ndipo ufawo unkasandutsa madzi kukhala ofiira. Cholinga chinali kukwera kuchokera kwathu, kuyenda pamsana wa mapiri, kenako kutsikira kuchigwa cha Bwanje mpaka pa Sharpevale, pamene galimoto yawo inayenera kutidikira.

Pamwamba sipanali pokongola monga masiku ena. Osaka mbewa anali atatentha tchire mbali zonse, utsi unaphimba kumwamba, dzuwa likuoneka ngati khala ngakhale masana. Phulusa linkatigwera pamapewa. Tikayang'ana kum'mawa, chigwa chinkaoneka mwa chizimezime, chachikasu chonse, kupatula chigamba chobiriwira cha minda yothirira. Anyani anatiperekeza mtunda wautali ali pamiyala, osakuwa, kungotiyang'ana. Pena tinakumana ndi bambo akudula mitengo ya denga. Amalume anakweza dzanja kuti amulonjere, koma iye anataya mitengoyo n'kulowa m'tchire osacheuka. Amalume anati akuopa kuti ndife a zankhalango. Ine ndinaona kuti nkhwangwa yokha sanaisiye.

M'mawa wa tsiku lotsikira tinapeza kasupe amene tinkadalira atauma, patangotsala matope osweka ndi mapazi a mbalame. Madzi m'mabotolo anali otsala pang'ono. Amalume anayang'ana uku ndi uku, kenako anati tisiye njira yathu, titsatire khwawa la kumanja limene pansi pake pankaoneka mikuyu yobiriwira. "Kumeneko sindinapiteko kawirikawiri," anandiuza motsitsa mawu, "koma mkuyu sunama."

Madzi tinawapezadi, padziwe laling'ono pakati pa miyala. Ndinagwada, ndinaviika kapaipi, ndinayamba kupopa. A Ana anatsegula thumba lawo, anathiramo ufa, n'kulikhutchumula m'mwamba kuti usungunuke. Ndipamene ndinamva chidebe chikugubuduzika. Tsidya lina panaima mayi ali ndi mwana kumbuyo. Anayang'ana kampope m'manja mwanga, anayang'ana thumba lofiira lija, ndipo sanakuwe. Anangotembenuka n'kuthamanga, chidebe chake chikuyandama padziwe.

"Amayi! Ndife anthu!" ndinafuula. Iye sanacheuke.

Tikanabwerera, koma kumbuyo kunali chikweza chopanda madzi ndipo moto unali ukubwera nacho. Njira yotsika inali imodzi, yodutsa pamudzi wa mayi uja. Amalume anati tiyende pamodzi, mosathamanga, manja aziwoneka. Nditatola chidebe chija ndinachidzaza n'kuchisenza kuti tikabweze.

Mudzi wa m'phiri ukaona azungu, ana amatuluka ngati ngumbi. Apa panalibe mwana ndi mmodzi yemwe. Pabwalo lina mtondo unali ndi chimanga, munsi utagona pansi, nkhuku zikudya momasuka. Zitseko zinali zotseka masanasana. Nyenje zokha zinkalira m'mitengo, mpaka makutu kuwawa. Kenako kutsogolo kunalira wenzulo, wina anayankha kumbuyo kwathu, ndipo wina anayamba kumenya chitsulo, osati monga amaitanira mapemphero, koma mofulumira mosalekeza.

Pamene njira imapanikizika pakati pa khola ndi mwala tinapeza chipika chitapingasa. Amuna anatulukira mbali zonse ali ndi nkhwangwa, mipini, zikwanje, ena miyala m'manja monse. Sanali anthu a nkhope zankhanza ayi. Maso awo anali ofiira ngati a anthu amene sanagone masiku ambiri. Chimenecho ndicho chinandiopsa koposa.

Amalume anavula chipewa, anawerama pang'ono. "Zikomo eni mudzi. Ndine Ngozo wa kumtunda, ndikuperekeza alendo ku Sharpevale. Tingaonane ndi amfumu?"

"Amfumu ali kumaliro tsidya," anayankha wina. "Muonana ndi ife. Tulani."

Tinatula. Anamasula zikwama n'kukhuthulira zonse pafumbi. Chinthu chilichonse chimene ine ndinkachidziwa ntchito yake chinasanduka china pamaso pawo. Matochi omanga pamphumi anati ndi oonera m'nyumba za anthu usiku. Botolo la gasi anati ndi logonetsera. Atatulutsa kampope, timapaipi take tikulendewera, khamu linabwerera m'mbuyo kenako linayandikira kuposa poyamba. Mnyamata wina anakoka thumba la a Ana n'kulikweza m'mwamba. Dzuwa linawala m'kati mwake, ndipo ngakhale ine, amene ndinaona ufa ukuthiridwa, mtima unandidumpha.

A Mateyu anayesa. "Pepani abambo, ndi madzi, madzi a shuga." Chichewa cha mkamwa mwa mzungu chinangoonjezera moto. "Mwamva? Anachita kuphunzira kuti azitinyengerera!" Mwala unachokera kumbuyo, sindinaone woponya. Unawapeza amalume pamwamba pa diso. Anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wofuna kupuma, magazi akutsikira m'ndevu.

Ndinaganiza kuti ndikamwa aona okha. Ndinalanda kapaipi kaja, ndinayamwa, ndinameza, ndinatsegula pakamwa. Zinaipiratu. "Akumwa ife tikuona! Ameneyu ndiye wozolowera!" Wina anandigwira mkono n'kuupotokola. Mayi wina wachikulire anadzipanikiza pakati pa amuna, anadonthezera madziwo pachikhato, ananunkhiza, ananyambita. "Izi zikununkha maswiti," anatero. Anthu angapo anatsitsa manja, koma wina anati amathiramo mankhwala kuti magazi asaundane, ndipo mawuwo anayenda m'khamu msanga kuposa a mayi aja.

Nthawi imeneyo m'nyumba ina munamveka kulira kwa mtsikana. "Akomokanso! Alamu akomokanso!"

Bambo wina amene anali asanalankhulepo anatembenuka. Anali woonda, wa zaka ngati zanga, nkhwangwa ili paphewa. Ndinamva anzake akumutchula Gelesomu. Anandiloza. "Iwe, ndiwe mkazi. Lowa ukaone zimene mwachita."

Anandikankhira m'nyumba. Mayi wachikulire uja analowa nane, ndipo ndinazindikira kuti wodwalayo ndi mwana wawo, mkazi wa Gelesomu, Nambewe. Anagona pamphasa, ali ndi pakati pooneka, milomo youma, akupuma mofulumira ngati nkhuku yothamangitsidwa. Amake anandiuza kuti kwa masiku angapo ankadzuka wopanda mphamvu, akunena kuti usiku chinachake chimamutsamira pachifuwa, ndipo m'mudzi monse anagwirizana kuti akupopedwa. Ndinamugwira pamphumi, panali moto. Ndinatembenuza chikhato chake, chinali choyera ngati ufa. Ndinakoka chikope cha m'munsi, m'kati munalibe kufiira. Mapazi anali otupa.

Sindine wachipatala. Koma ndili ndi pakati pa mwana wanga ndinadwala chimodzimodzi, ndipo anandinyamula pangolo ndisakudziwa kanthu. Ndinafunsa chifukwa chimene sanapite naye kuchipatala. Amake anayang'ana pakhomo asanayankhe. "Njira ndi ya miyala, njinga siitsika. Amuna akuti sangasiye mudzi. Ndiponso akuti anthu amenewo amadikirira m'njira, ena mpaka pachipatala pomwepo."

Ndinatuluka. Ndinagwada pansi mwaulemu. "Bambo," ndinatero kwa Gelesomu, "ine sindingakutsutseni za anamapopa, sindinawaonepo. Koma akazi anu ali ndi malungo, ndipo akagona muno lero, mawa simuwapeza. Mukatipha, iwo adwalabe. Tiloleni tiwanyamule. Inu tsatirani ndi nkhwangwa yanuyo."

Kunali phokoso, ena akuti ndi msampha. Gelesomu anayang'ana apongozi ake, amene anaima pakhomo manja ali pamutu. Kenako anayang'ana ine.

"Munyamula inu nomwe," anatero. "Katundu wanu atsala kuno. Akatsirizikira panjira, inunso mutsala pomwepo."

Amene anapanga machila ndi amalume, diso limodzi litamangidwa ndi mpango wanga. Anapempha nsungwi ziwiri zaziwisi zotalika kuposa munthu. Anayala chinsalu chokhuthala cha pansi pa tenti, anapinda mbali zonse ziwiri mozungulira nsungwizo kuti kulemera kwa munthu kuzimange kokha, kenako anazenga ndi zingwe za tenti. Ndodo zoyendera za alendo anazimanga mopingasa kumutu ndi kumiyendo kuti nsungwi zisakumane. Anadula malamba a m'chiuno a zikwama n'kuwakoleka kunsonga kuti tiziwapachika pamapewa. Manja awo sanalakwitse mfundo ngakhale imodzi, koma ataimirira anadzandira, ndipo zinaonekeratu kuti sanganyamule.

"Potsika wamtali akhale kutsogolo," anatero. "Mutu wa wodwala ukhale kumtunda. Musaponde limodzi, machila angavine."

A Mateyu anagwira kutsogolo, ine kumbuyo. Nkhope ya Nambewe inali pansi pa chibwano changa. Amake ankayenda mbali imodzi, a Ana mbali ina atatambasula chitenje kumutchingira dzuwa, misozi ikutsika. Kumbuyo kwanga kunali Gelesomu ndi amuna ena. Sindinkawaona. Ndinkangomva mapazi awo pamiyala ndi mpini wa nkhwangwa ukugunda mitengo.

Ndanyamulapo katundu wolemera kuposa mayi ameneyo, koma palibe amene anandilemera choncho. Njira inali yotsetsereka, ya timiyala toterera. Nsungwi zinkandidya m'manja, lamba akucheka paphewa. Pamene tinkatsika, mpweya unkatentherabe, mitengo ya misuku inatha, tinayamba kuona milambe itaima mbuu yopanda tsamba. Maso anga sanachoke pakhosi pa Nambewe, pamene kamtsempha kankagunda. Ndinkadziwa kuti moyo wa anthu asanu uli pakamtsempha kameneko, wa iye, wathu anayi, osawerenga wa m'mimba.

Pamalo ena pamthunzi wa mwala kubuula kwake kunaleka. Amake anaitana, "Nambewe! Nambewe iwe!" Zii. Mapazi a kumbuyo anaima. A Mateyu anatembenuza mutu, nkhope ili yofiira. Tinatsitsa machila. Ndinaika tsaya pamphuno pake ndipo sindinamve mpweya. Mthunzi wa munthu unagwera pa ine. Sindinadzutse mutu. Ndinanyowetsa nsonga ya chitenje ndi madzi otsala, ndinamupukuta kumaso ndi m'khosi, ndinafinyira madontho pamilomo. Patapita nthawi imene sindingaiyeze, lilime linatuluka pang'ono kunyambita.

"Alipo," ndinatero.

Titati tinyamulenso, a Mateyu anagwa ndi bondo. Anali atatheratu. Gelesomu anapereka nkhwangwa kwa mnzake, analowa pakati pa nsungwi, anakoleka lamba paphewa. Kuchokera pamenepo tinathamanga ndithu, chifukwa iye njirayo ankaidziwa mwala uliwonse. Titafika pachidikha, m'mbali mwa minda, amuna enawo anayamba kulandizana nafe, ndipo ine ndinayenda manja ali lende, zala zitakana kutambasuka.

Koma mbiri inali itatitsogolera. Anthu apanjinga ankatipitirira n'kumacheuka, ena ankasiya makasu n'kutitsatira. Pofika pa Sharpevale dzuwa litapendeka, kumbuyo kwathu kunali khamu loposa la kumudzi kuja, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe za wodwala. Ankangodziwa kuti agwidwa.

Pachipatala anamulandira msanga. Ife tinakhala pakhonde titatsamira khoma. Patapita kanthawi anamwino anatuluka n'kuitana mwamuna wake, ndipo analankhula naye modekha: anamupeza ndi malungo aakulu, amupatsa kale mankhwala, koma magazi achepa kwambiri, akufunika kupita kuchipatala chachikulu lero lomwe kuti akamuonjezere ena. Ambulansi inali itapita ndi wodwala wina.

Mwa mawu onsewo, amene anadumpha mpanda anali awiri okha. Ndinawamva akuyenda pakamwa ndi pakamwa mpaka kumsewu. Magazi achepa. Magazi achepa. Anamwino anazindikira, anakwera pasitepe n'kufuula kuti malungo ndiwo amatha magazi, makamaka kwa amayi oyembekezera, kuti iwo amaziona sabata iliyonse. Akutsogolo anamva. Akumbuyo anali atayamba kale kutola miyala.

Ndipamene anabwera a Yusufu, mwini sitolo ya patsidya pa msewu, kumene amalume ankagula machesi ndi shuga pamapeto pa maulendo. Anadutsa pakati pa anthu atavala mkanjo wawo woyera, osafulumira, ngati palibe chikuchitika. "A Ngozo, mwafika osandilonjera? Tiyi wazizira. Bwerani ndi alendo anu." Anawagwira dzanja amalume, ine ndinagwira a Ana, ndipo tinawoloka msewu anthu akutipatsa mpata wongokwana phewa. Titalowa anatseka chitseko ndi kunja, anakoka benchi n'kukhala pakhomo penipeni. Kudzera pamng'alu ndinawamva akuuza anthu kuti, "Awa ndimawadziwa. Wofuna kulowa ayambe wandichotsa ine, koma akumbukire kuti mawa adzafuna mchere."

Galimoto ya alendo inali itaima kuseri kwa msika, dalaivala atadzitsekera m'kati. A Mateyu anatuma mawu kudzera kwa a Yusufu kuti itenge wodwala. Ndinasuzumira pazenera ndipo ndinaona Gelesomu ataima pakati pa msewu, anzake akumukoka malaya, akumuuza kuti akalowetsa mkazi wake m'galimoto imeneyo sadzamuonanso. Anaima nthawi yaitali. Kenako analowa m'chipatala n'kutuluka atamunyamula m'manja. A Yusufu anatulutsa azungu aja pakhomo lakuseri, azunguwo analowa m'galimoto kutsogolo, wodwala ndi abale ake kumbuyo. Galimoto itachoka, khamu linasowa choyang'ana. Linatha pang'onopang'ono, ena akutukwana, ena akuseka ngati anali kumpira. Ine ndi amalume tinagona kwa a Yusufu, akazi awo atatsuka bala la amalume ndi madzi amchere.

Diso la amalume silinabwerere mwakale, ndipo sanatsogolerenso alendo panjira zazitali. A Ana anabwerera kwawo ulendo wawo usanathe. Mvula yoyamba itagwa, amalume anandituma kukatenga katundu uja, popeza zambiri zinali zobwereka. Amayi analira, koma ndinapita, m'mawa, nditavala chitenje cha kumpingo.

Ndinapeza Nambewe atakhala pakhonde akusankha nyemba, woonda koma maso ali amoyo. Mimba panalibe. Amake anandinong'oneza kuti Nambewe anapita padera ali kuchipatala, ndipo magazi amene anapulumutsa mayiyo ena anapereka ndi mwamuna wake yemwe. Katundu wathu anali atamangidwa bwino m'nkhokwe, supuni iliyonse ilipo. Kampope kokha anakaphwanya ndi mwala, thumba lija analitentha.

Gelesomu ananyamula chikwama chimodzi kundiperekeza mpaka pamene minda yawo imathera. Potula anayang'ana pansi.

"Mayi, munatithandiza," anatero. "Koma mwana wanga kulibe. Ena kuno akuti munabwera mochedwa, ena akuti munabwera kale usiku tisanakuoneni. Ine sindikunena kuti ndinu. Sindikunenanso kuti si inu."

Ndinabereka chikwama n'kuyamba kukwera, ndipo msana wanga unkamva maso ake mpaka nditakhota.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, ndipo tsopano wotsogolera ndine. Achinyamata amene ndimawaphunzitsa amafunsa za njoka, za moto, za miyala yoterera, ndipo ndimawayankha. Koma ndimawauzanso kuti phiri si thengo lopanda eni. Pansi pa malo alionse amene alendo amajambula pali anthu amene ali ndi zawo zowasowetsa tulo, ndipo iwe umawatulukira kuchokera kumene sikuchokera anthu, utanyamula zinthu zimene sanazionepo. Choncho mudzi uliwonse, ngakhale umene ndinadyapo dzulo, alendo ndimawasiya pamthunzi patali. Ndimatsika ndekha wopanda chikwama, ndimakhala pansi pakhomo loyamba, ndimafunsa kuti kwadzuka bwanji kuno. Ndipo sindinyamuka pa "tadzuka bwino" woyambayo. Ndimadikira mpaka anene amene sanadzuke bwino.